Alamu Anga ndi Woweruza wa Zaka 84

Alamu anga a Delmar Unruh ntchito yawo inali yokumba mijigo. Kuno ku Varney, m'chigawo cha Kansas, ngati pakhomo panu pamatuluka madzi, ndiye kuti anakumba ndi iwo kapena bambo awo. Anakwatira mkulu wanga Lorna ali ndi zaka 23, nabereka naye ana atatu amene onse anakula n'kupita kukakhala m'mizinda. Kuseri kwa nyumba anali ndi ming'oma ya njuchi khumi ndi iwiri. Mowa sankamwa, fodya anasiya kalekale, ndipo kutchalitchi ankakhala pa benchi yachitatu kumanja, malo amene ngakhale mlendo ankachita kumva m'thupi kuti ali ndi mwini wake. Ine ndine Joetta. Ndagwira ntchito pa positi ya tauni ino zaka makumi atatu, choncho zambiri zimene ndikunenazi zinadutsa pa sikelo yanga.

Ndale anazilowa chifukwa cha ngalande. M'munda wa tirigu wa bambo awo munali ngalande imene inkasunga madzi masabata awiri okha pachaka. Tsiku lina kunabwera anthu a boma ndi mapepala, n'kunena kuti ngalandeyo ndi mtsinje, isakhudzidwe. Mdalayo anayenda nayo nkhaniyi m'maofesi zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka mlandu wa mlimi wina wofanana nawo unafika ku bwalo lalikulu la milandu la dziko lonse. Kumeneko kunatuluka chigamulo chakuti ngalande ndi ngalande. Amene analemba chigamulocho anali Woweruza Pemberton. A Delmar anadula tsamba limenelo m'nyuzipepala, naliika m'galasi, nalipachika pabalaza pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo, koma m'mwamba pang'ono.

Kuyambira pamenepo, kwa iwo chisankho cha pulezidenti chinali nkhani ya oweruza basi.

"Pulezidenti ndi mvula," ankatero. "Igwe bwino, igwe moipa, nyengo yake ikatha yapita. Koma woweruza amene pulezidentiyo wamuika pampando ndi mjigo. Sachoka mpaka afe kapena atope yekha. Ukaukumba pamalo oipa, madzi amchere adzamwa ndi zidzukulu zako."

Pa bwalolo pamakhala oweruza asanu ndi anayi, ndipo nthawi imeneyo analidi asanu ndi anayi: asanu athu, anayi awo. Athu, mmene ankanenera a Delmar, anali amene amawerenga malamulo aakulu a dziko mmene analembedwera. "Zili ngati kabuku ka injini. Akalemba kuti thira malita awiri a oilo, iwe thira malita awiri. Suyamba kufunsa kuti kodi injiniyi ikumva bwanji mumtima masiku ano." Mfuti yawo, munda wawo, ana amene sanabadwe, pemphero la kusukulu, zonsezi ankaziona kuti zapachikidwa pa ulusi umodzi, ndipo ulusiwo unali kusiyana kwa asanu ndi anayi.

Ziphunzitso zimenezi ankazigawa m'mawa uliwonse ku lesitilanti ya pakona, pa tebulo la madoda limene limayamba khofi sikisi koloko. Pa tebulo limenelo pankakhalanso a Gus Pulaski, mnzawo wa kusukulu, amene anapuma ntchito ku njanji. M'tauni yonse ya Varney, a Gus okha ndi amene ankavomera poyera kuti ndi a chipani chinacho. Anthu ankawasunga ngati mmene umasungira galu woluma wa m'bale wako: sungamuthamangitse, koma sumusiya ndi ana.

Chaka cha chisankho chimene ndikunenachi, chipani chathu chinaimika munthu amene a Delmar sankafuna n'kumuona komwe pa kanema. Anali wa mano oyera mbee, woseka asanamve nkhani. Atabwera ku chionetsero cha zaulimi anaima pafupi ndi nkhunzi n'kufunsa kuti imakamidwa malita angati patsiku.

"Ameneyu sindingamubwereke ngakhale wilibala," anatero a Delmar.

"Ndiye bwera kwathu kuno, aise," anatero a Gus. "Malo alipo. Ndakhala ndekha nthawi yaitali."

"Ndimuvotera."

"Munthu wosadziwa nkhunzi?"

"Sindikufuna kuti azikama. Ndikufuna kuti azisaina. Pemberton ali ndi zaka 84, iwe. Ukumva? Akapuma pulezidenti ali wathu, pampando pakhala wathu. Akafa pulezidenti ali wanu, tatha tonse."

Anthu ena onse anazika pakapinga zikwangwani za dzina la munthu wa manoyo. A Delmar anati dzina limenelo silingaime pa nthaka ya bambo awo. Anatenga thabwa lalikulu n'kulembapo ndi utoto wofiira manambala awiri okha: 84. Ena ankaganiza kuti asintha nambala ya nyumba. Mayi wina wochokera kutali anaimitsa galimoto n'kufunsa ngati ndi mtengo wa mng'oma. Aliyense wofunsa ankamukhazika pakhonde n'kumufotokozera ola lathunthu.

Tinaluza. M'mawa mwake ndinawapeza ku lesitilanti khofi atazizira m'kapu, akuyang'ana khoma.

"Zaka zinayi," anatero. "Akuyenera kufika 88."

"Bambo anga anamwalira ali ndi 71," anatero a Gus mokoma mtima. "Anali bwinobwino. Ankangomanga nsapato."

A Delmar anadzuka, navala chipewa, ndipo Lolemba lotsatira anatulukira ku positi ndi botolo la uchi lokulungidwa m'nyuzipepala zitatu.

"Alamu, ili lipite kwa Woweruza Pemberton. Mulembe kuti ndi losweka."

"Mukudziwana nawo?"

"Iwo sandidziwa. Koma nkhani si imeneyo."

M'katimo munali kalata, ndipo anandiwerengera asanamate, poti ine ndimadziwa bwino kalembedwe ka mawu. Ankawathokoza chifukwa cha ngalande, kenako ankawalangiza kuti azimwa supuni imodzi ya uchi m'mawa uliwonse asanadye kanthu, azigona naini koloko, ndipo akamatsika m'bafa azigwira chitsulo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse zinali zomwezo: botolo ndi kalata.

Alamu anga anali munthu wachilungamo. Anati sangauze munthu wamkulu chinthu chimene iwo sanayese. Ndiye chilichonse chimene awerenga kuti chimatalikitsa moyo, ankayamba achiyesa pa thupi lawo. Anasiya nyama ya nkhumba yokazinga, imene anaidya m'mawa uliwonse kuyambira ali ndi mano. Anasiya mchere. Anayamba kuyenda mtunda wa ola limodzi dzuwa likamatuluka, mpaka anthu ankaima ndi magalimoto kuwafunsa ngati pikapu yawo yawonongeka. Anatafuna adyo wosaphika mwezi wathunthu, ndipo benchi yachitatu ndi yachinayi zinatsala zopanda anthu. Anayesa kusamba madzi ozizira a mumjigo m'nyengo ya chisanu, nagona masabata awiri ndi chifuwa. Atangodzuka analemba kalata yaifupi: "Bwana, madzi ozizira musayese."

Mkulu wanga anali atatopa nazo. Tsiku lina ndinamupeza akuphika mapoto awiri, lina la mchere lina lopanda.

"Joetta, ine ndinakwatiwa ndi mwamuna mmodzi," anatero. "Pano ndikusamala madoda awiri, ndipo winayo sindinamuonepo."

Kutchalitchi nakonso nkhani inafika. Lamulungu lina abusa anafunsa ngati pali wofuna kutsogolera pemphero la odwala. A Delmar anaimirira. Anatchula mwachangu mayi amene anathyoka chiuno ndi mwana wodwala chibayo, kenako anakhazikika pa Woweruza Pemberton. Anapempherera mtima wawo, impso zawo, mitsempha yawo, ndi matumbo awo aakulu. Atamaliza za Pemberton, tonse tinadziwa kuti afika pa oweruza anayi a mbali inayo aja.

"Ndipo enawo, Ambuye, inu mukuwadziwa. Sitikupempha choipa ayi, ndi ana anu. Koma ngati kungakukomereni kuwapatsa mtima wolakalaka zidzukulu zawo, mtima wofuna kukawedza nsomba, tikupempha kuti mtima umenewo muwapatse. Koma osati panopa, Ambuye. Mudikire kaye chisankho."

Theka la mpingo linati ameni. Abusa anauza woimba limba kuti ayambe nyimbo msanga.

Chaka chachiwiri, m'mwezi wa Novembala, nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha Woweruza Pemberton akutsika masitepe a bwalo la milandu. Kunja kunali chisanu, masitepe akuwala ndi madzi oundana, ndipo mdalayo analibe chipewa, analibe mpango wa m'khosi, ndipo sanagwire chitsulo. A Delmar anafika ku positi chithunzicho chili m'manja. Kalata ya tsiku limenelo anailemba ataimirira pakauntala yanga. Inkati:

"Bwana, ndakuonani. Ndikudziwa masitepe amene mumatsika ndi nthawi imene mumatsikira. Mukapitiriza chonchi simufika Khirisimasi. Musadzati sindinakuchenjezeni."

"Alamu," ndinatero, "kalata iyi ikumveka ngati ya chigawenga."

"Ikumveka ngati ya munthu amene amawakonda. Matani sitampa."

Patatha masiku asanu ndi atatu, galimoto yakuda inaima pa positi. Munatuluka bambo ndi mayi ovala masuti, a chitetezo cha oweruza. Anafunsa mwaulemu za a Unruh. Ndinatseka positi n'kuwatsogolera ndekha, chifukwa ndinkaopa kuti akapita okha zinthu zikhoza kuipa.

Zinaipabe. Titafika, a Delmar anatulukira kuseri kwa nyumba atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nkhope itabisika mu ukonde wa alimi a njuchi, m'manja muli chitini chofuka utsi. Bambo wa suti uja anaika dzanja m'jekete. Lorna anakuwa ali pakhomo kuti, "Bambo, vulani chimenecho, alendo angakupheni!"

Anawalowetsa pabalaza. Pakhoma, pansi pa nkhani ya ngalande ija, panali zithunzi za oweruza onse asanu ndi anayi, aliyense ndi zaka zake ndiponso timawu ta pensulo: "akutsokomola," "wanenepa," "akutsimphina mwendo wamanzere," "bambo ake anafa ndi shuga." Alendowo anawerenga zonse. Lorna anawadulira keke ya maapozi.

"Bambo Unruh, muli ndi mfuti m'nyumba muno?" anafunsa mayiyo.

"Zinayi. Mukufuna kubwereka iti?"

Anawafunsa mafunso maola awiri. A Delmar anawafotokozera za mvula ndi mjigo, za adyo, za madzi ozizira. Pofika keke yachiwiri alendowo anali atamasula mabatani a majekete, ndipo bamboyo anafunsa ngati uchi umathandizadi pa chifuwa cha usiku, poti mkazi wake ankavutika nacho. Koma ponyamuka, mayiyo anatulutsa pepala loti a Delmar asaine, lolonjeza kuti sadzalembanso kalata kapena kutumiza katundu kwa woweruza aliyense.

"Nanga uchi? Botolo limatha pa mwezi."

Alendowo anayang'anana.

"Bambo, chakudya chochokera kwa anthu osadziwika sichifika kwa oweruza. Ndi lamulo la chitetezo. Chimatayidwa."

"Mabotolo onse aja?"

"Onse."

A Delmar anakhala pansi pang'onopang'ono. Kwa nthawi ndithu anangoyang'ana chithunzi cha Pemberton.

"Ndiye munthuyu wakhala akudya chiyani?" anafunsa ndi mawu otsika.

Anasaina. Poti linali lamulo lolembedwa, anaona kuti sangatsutse. Chaka chonse chotsatira sanalembe kanthu. Ankangoyenda m'mawa, kudya zopanda mchere, ndi kukhala pafupi kwambiri ndi kanema oweruza akaoneka, kuti aone mtundu wa milomo ya Pemberton. Thupi lawo linatsika, mimba inaphwa, ndipo dokotala anawauza kuti mtima wawo ukugunda ngati wa munthu wa zaka makumi anayi. Iwo anangoti, "Mtima wolakwika umenewo."

Chaka chachinayi, chisankho chitatsala miyezi isanu ndi iwiri, tinamva kuti Woweruza Pemberton adzalankhula pa sukulu ya maloya mumzinda wina, ulendo wa maola anayi kuchokera kwathu, ndipo khomo lidzakhala lotsegula kwa aliyense.

"Munasaina, bambo," anatero Lorna.

A Delmar anatulutsa pepala lija m'kabati, navala magalasi, nawerenga mokweza liwu ndi liwu. "Kalata. Katundu. Palibe pamene alemba za maso. Tiziwerenga zinthu mmene zinalembedwera, mayi."

Tinapita anthu anayi. Lorna anapita kuti akawagwire. Ine ndinapita kuti ndikagwire Lorna. A Gus anati sanaonepo munthu akumangidwa atavala tayi, ndiye sangaphonye.

Woweruza Pemberton anali kamunthu kochepa, kamutu konyezimira, mawu ngati a munthu wolankhula ali m'chitsime. Analankhula mphindi makumi anayi za kachizindikiro kopumira kamodzi kamene kali m'lamulo lina lakale. Maloya ankagwedeza mitu. A Gus anagona. A Delmar ankawerenga ndi zala kuti mdalayo watsokomola kangati.

Atamaliza, anthu onse analowa m'chipinda china mmene munali zakudya. Woweruzayo anaima pakati pa aphunzitsi a malamulo, m'manja muli mbale ya masoseji asanu onona mafuta ndi chidutswa cha keke ya kirimu. Ndinamva dzanja la Lorna likutsina mkono wanga, koma tinachedwa. A Delmar anadutsa pakati pa aphunzitsiwo ngati akudutsa m'munda wa chimanga, nafika, nalanda mbale.

"Pepani bwana, koma izi ayi."

Alonda awiri anali atawagwira kale m'mapewa. Mbale sanaitaye.

"Asiyeni," anatero woweruzayo. "Ndinu ndani, bambo?"

"Ndine Unruh, bwana. Wa uchi."

"Uchi uti?"

Mlonda wina anawanong'oneza kukhutu. Mdalayo anamvetsera, nsidze zikukwera pang'onopang'ono, kenako anaseka mpaka anatsokomola, ndipo a Delmar anapinda chala china.

"Ndiye ndinu amene munati sindifika Khirisimasi? Bwerani, tikhale apa. Miyendo yanga yatopa ndi anthu ophunzira."

Anakhala pa mipando iwiri pafupi ndi zenera. Ine ndinaima kumbuyo kwa mphika wa maluwa, ndipo ndinamva zonse.

"Bambo Unruh, theka la dziko lino limapemphera kuti ndisafe. Theka linalo limafunsa za thanzi langa mwaulemu kwambiri. Ndikayetsemula, mawa zili m'nyuzipepala. Chimwalirireni mkazi wanga, palibe amene wandilandapo mbale. Mwandikumbutsa kwathu."

"Mumagona bwanji, bwana?"

"Ndimagona m'khoti. Kunyumba tulo sitibwera."

"Nanga kuchimbudzi, mukupita bwino?"

"Zimenezo tisiye. Ndiuzeni za njuchi. Ine ndakhala zaka makumi asanu ndikumvetsera anthu okangana. Njuchi zimakangana?"

Ine ndawadziwa alamu anga kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindinawamvepo akulankhula ngati tsiku limenelo. Munthu amene pofunsira mkulu wanga anangoti, "Ndili ndi pikapu ndipo sindimwa," anayamba kufotokoza mmene mng'oma umamvekera m'mawa wa mu Juni ukaika khutu pa thabwa, kuti umalira pansipansi ngati mpingo woimba uli kutali. Anafotokoza fungo la phula likatenthedwa ndi dzuwa, ndi mmene njuchi imabwerera miyendo italemera ndi ufa wachikasu n'kutera pakhomo ngati mayi wochokera kuchigayo. Anati ukatsegula mng'oma uyenera kuchita zinthu modekha, chifukwa njuchi zimamva munthu wa phuma, ndiye ngakhale uli ndi nkhawa zotani umazisiya pa mpanda. Anati pakati pa ming'oma palibe amene amakufunsa maganizo ako. Woweruzayo anatseka maso. A Delmar anasiya kulankhula n'kuwagwira pamkono kuti amve ngati mtima ukugunda.

"Ndili moyo, pitirizani," anatero mdalayo. "Kodi munthu wa zaka 88 angayambe ulimi umenewu?"

"Angalephere bwanji, bwana? Ming'oma iwiri yokha, kamalo kochepa, madzi pafupi. Ndipo ndikuuzeni, alimi a njuchi safa msanga. Amalume anga anafika 96."

"Malemu mkazi wanga anasiya kamunda kumapiri kwawo. Kuli mitengo ya maapozi yakalekale."

"Ndiye mukudikira chiyani, bwana? Njuchi zimafera maapozi!"

Pobwerera, a Delmar anaimba nyimbo za m'buku ulendo wonse. Anati ntchito yatheka: mdalayo wapeza chochita Loweruka ndi Lamulungu, magazi aziyenda, Novembala afika akuthamanga. Masosejiwo anali atawakulunga m'kapepala, ndipo anawapatsa a Gus.

Kumapeto kwa Juni, chisankho chitatsala miyezi inayi, wailesi inalengeza kuti Woweruza Pemberton apuma pa ntchito. Tinamva tili ku lesitilanti, nthawi ya nkhomaliro. Anawerenga kalata yawo yonse. Ankati watumikira mokwanira, ndipo masiku amene amutsalira akufuna kukawathera kumapiri, kuweta njuchi pansi pa mitengo ya maapozi. Ndipo anawonjezera kuti: "Ndikuthokoza mlimi wina wabwino wa ku Kansas amene ananditsegula maso."

Foloko ya a Delmar inagwa pansi. M'lesitilanti monse mitu inatembenuka umodziumodzi.

"Ku Kansas kuli alimi a njuchi ambiri," anatero Lorna.

"Koma wolanda mbale ndi mmodzi," anatero a Gus. "Ine ndinalipo. Masoseji ndinadya ndine."

Pulezidenti wa chipani chinacho sanachedwe. Asanathe masabata awiri anatchula dzina, ndipo aphungu, amene ambiri anali ake, anavomereza. Anali mayi wa zaka 47, wothamanga mipikisano ya mtunda wautali, wosadya nyama. Pa tsiku lolumbira, Baibulo anamugwirira ndi agogo ake aakazi a zaka 99, amene anabwera akuyendetsa okha galimoto. A Delmar anaonera mwambowo ataimirira. Oweruza anali adakali asanu ndi anayi, koma asanuwo tsopano anali awo.

Tauni inawaipira. Mkulu wa chipani m'boma lathu anawaimbira foni kuwapempha kuti, chonde, mpaka chisankho chitadutsa, asalankhule ndi munthu aliyense waudindo. Atolankhani awiri anabwera kudzajambula ming'oma. Amayi a chipani cha a Gus a mumzinda anawatumizira maluwa. Iwo anadzitsekera m'shedi masabata atatu, akunola zitsulo zimene zinali zonola kale. Kenako anapita kwa abusa kukafunsa ngati ayenera kulapa pamaso pa mpingo.

"Munawanamiza?" anafunsa abusa.

"Ayi. Njuchi zilidi choncho."

"Munkafuna kuti asiye ntchito?"

"Ndinkafuna kuti akhale ndi moyo."

"Ndiye si tchimo, a Unruh. Ndi tsoka chabe. Tsoka salapa."

Mu Novembala anakavota m'mamawa, woyamba pamzere monga mwa nthawi zonse. Ulendo uno tinapambana. Koma zaka zinayi zonse za pulezidenti wathuyo, palibe woweruza ngakhale mmodzi amene anafa, kudwala, kapena kulakalaka zidzukulu.

Chilimwe chotsatira kupuma kwa Pemberton, foni inalira kunyumba kwawo ine ndili komweko. Anayankha ndi Lorna, kenako anatseka foniyo ndi dzanja.

"Bambo, ndi a Pemberton."

"Kulibe."

"Akuti njuchi zonse zatuluka mumng'oma, zaunjikana pa nthambi ya mtengo ngati mpira. Akufunsa ngati azithire madzi a paipi."

A Delmar anali m'chipinda china. Anayankha ali komweko.

"Muwauze kuti munthu wothawa ntchito ine sindilankhula naye. Muwauzenso kuti asathire madzi."

"Akuti ndiye atenga makwerero."

"Makwerero? Pa zaka 89? Muwauze aike bokosi pansi pa nthambi... ayi, ayambe ayala chinsalu... iyayi, mukusokoneza, mayi, bweretsani kuno!"

Analanda foni ngati mmene analandira mbale ija. Analankhula ola limodzi ndi theka, akukalipa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo njuchizo zinalowa m'bokosi. Kuyambira pamenepo amaimbirana Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Amakamba za nthata za njuchi, za chisanu, za shuga wothira m'madzi. Kamodzi kokha a Delmar anawafunsa maganizo awo pa chigamulo china chimene chinawapweteka mtima, ndipo mdalayo anayankha kuti sawerenganso nyuzipepala, amangoyatsira moto wofukizira njuchi utsi.

Pano a Delmar ali ndi zaka 78. Mijigo anasiya kukumba, koma maganizo awo sanasunthe ngakhale pang'ono, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi amamva za oweruza asanamalize kapu yoyamba. A Pemberton ali ndi zaka 94, ming'oma yawo yafika makumi awiri, ndipo chaka chatha uchi wawo unapata mphoto pa chionetsero cha kwawoko.

Pa 9 Malichi chaka chilichonse, limene ndi tsiku lobadwa la mdalayo, a Gus amabwera ku tebulo la madoda ndi keke yogula, nayatsa kandulo imodzi, naikankhira kutsogolo kwa alamu anga. Chaka chino ndinalipo.

"Zaka 94, aise," anatero a Gus. "Pa chisankho chija akanafika ali pampando. Akanadutsa n'kudutsa komwe."

"Ndikudziwa."

"Ndimangofuna kukukumbutsa, mwina waiwala."

"Sindinaiwale."

"Zimitsa kandulo, nanga."

A Delmar anayang'ana kanduloyo mpaka phula linayamba kudontha pa keke. Kenako anaizimitsa ndi zala ziwiri, nadula chidutswa chachikulu, nachiika m'mbale ya a Gus.

"Idya iwe," anatero. "Thira ndi kirimu womwe. Voti yako ndatopa nayo."